Mwana wanga anaiwalika m'karinya ya sukulu, ndigwire ndani?

Make_Yamikani

Moni nonse, pepani ndilemba zambiri koma mtima wanga sukukhazikika chichitikireni izi Lachiwiri lapitali. Ine ndimakhala ku Chingodzi, kwathu ndi ku Angónia koma kuno ndatha zaka 9. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 8, adokotala anati ali ndi autismo, salankhula, akafuna madzi amangokukoka dzanja mpaka pa ndowa, akakwiya amadziluma pamkono basi. Amaphunzira pasukulu ina yolipira kutsidya kwa mlatho, dzina sinditchula, ndipo ndimalipira karinya, minibasi yonyamula ana asukulu, 2500 metikaisi pamwezi kuti izimutenga ndi kumubweza.

Lachiwiri karinya inabwera 6 itangodutsa pang'ono monga mwa masiku onse, ndinamukweza ndekha, tiya wothandizira uja anamulandira. Iye amakonda mpando wakumbuyo wapazenera ndipo anzake akayamba kusokosa amatsika pampando n'kubisala pansi atatseka makutu, izi onse amadziwa, ndinawauza kangapo konse. Cha m'ma 10 foni ikulira, ndi a motorista, akuti mayi bwerani kuchipatala mwana sakupeza bwino. Ndikufika ndinamupeza ali pa soro (diripu), milomo itang'ambika, yunifomu ili chonyowa ndi thukuta ndi mikodzo, mkono atauluma mpaka magazi. Nkhani yake ndi yoti ana onse anatsika, iye anatsala pansi pa mpando, galimoto anakaiimika pafupi ndi malo otsukira magalimoto, a motorista anatseka n'kupita kukamwa tiyi ndi kukafuna sipeya. Anamumva ndi kamnyamata kotsuka magalimoto kakuti mkatimu muli chinthu chikumenya galasi. Inu nomwe mukudziwa dzuwa la ku Tete kuno mu Okutobala. Mwayi wake zenera limodzi silitsekeka bwino, linali lotseguka ngati zala zitatu.

Tsopano chimene chikundipweteka ndi ichi. Kusukulu a direkitori akuti karinya si yathu, mapangano anu ndi mwini galimoto. Mwini galimoto akuti ine kunalibe, funsani motorista. Motorista akuti ine ntchito yanga ndi chiwongolero, kutsitsa ana ndi kwa tiya. Tiyayo ndi kamtsikana, kakungolira, akuti ndinatsika koyamba kukapereka tiana ta eskolinya (sukulu ya mkaka) pageti pobwerera galimoto inali itanyamuka ndiye ndinaganiza kuti onse atsika. Aphunzitsi a kalasi yake analemba kuti sanabwere koma osandiimbira. Dzulo mwini galimoto wabwera kunyumba ndi shuga, mafuta ndi kreti ya zakumwa, akuti mwezi wamawa musalipire tithane pachibale. Abambo ake a Yamikani akuti tilandire chifukwa makarinya ena atatu anamukana kale mwanayu akuti amavuta, ikatisiya iyi ndiye kuti sukulu yathera pomwepo.

Abale ndichite chiyani? Wolakwa weniweni ndi ndani apa ndipo nkhani ngati iyi imakasiyidwa kuti? Mwana wangayu sangandiuze chilichonse, sindikudziwanso kuti masiku enawa m'galimotomo mumachitika zotani.

Jere_wa_Zobue

Mana pepani kwambiri. Shugayo mubwezeni lero lomwe, moyo wa mwana sugulidwa ndi kreti. Pitani ku eskwadra ya polisi, funsani ofesi ija yoona za mabanja ndi ana, Gabinete de Atendimento à Família e Menores, mukalembetse nkhaniyi. Mukhozanso kuimba 116 ya Linha Fala Criança, ndi yaulere. Akanafa mwanayo bwenzi akubwera ndi shuga yemweyo kudzapepesa pamaliro. Mxii.

MotoristaWakale

Amake Yamikani ndawerenga kawiri, thupi lachita tsemwe. Ine ndinayendetsapo karinya ya ana zaka 4 pakati pa Matundo ndi m'tauni ndiye ndikuuzeni mmene zimakhalira mkatimo, sikuti ndikuikira kumbuyo mnzangayo ayi.

Hiace ija ili ndi malo a anthu 15 koma ana timalongamo 22, 25, ena pamiyendo ya anzawo, zikwama pamwamba. Umatenga ana a sukulu zitatu kapena zinayi ndipo onse akufuna afike belu lisanalire, pa mlatho wa Samora Machel m'mawa pali mzere, kwinaku patrau, mwini galimoto, akukuimbira kuti ukatsitsa ana upange maulendo awiri a chapa usanakatenge a masana chifukwa ndalama ya makolo imabwera mochedwa ndipo dizilo akufunika lero. Ndiye ukafika pageti umangoti tsikani tsikani, chitseko phwaa, wapita. Mutu uli kale kwina.

Koma ngakhale zili choncho mlandu woyamba ndi wa motorista, asakunamizeni. Amene wanyamula kiyi ndi amene amatseka galimoto, ndipo sutseka galimoto imene munali ana usanayende mpaka kumbuyo kusuzumira pansi pa mipando yonse. Ndi ntchito ya mphindi imodzi yosakwana. Ndinena za ine mwini, tsiku lina ndinanyamuka pasukulu ndi kamtsikana ka kalasi yoyamba katagona kumbuyo, ndinakaona pagalasi nditayenda kale kamtunda, kadzuka kakutikita m'maso. Ameneyo anali mwana wolankhula, anati tiyu mwandipitirira, tinaseka, ndinabwerera. Koma usiku sindinagone. Kuyambira tsiku limenelo ana akamakwera m'mawa ndimaika foni yanga m'thumba la kuseri kwa mpando womaliza, ndiye ndikafuna foni ndiyenera kukafika kumbuyoko kaya ndifune kaya ndisafune. Anzanga amandiseka kuti ndi zamisala koma sindinasiyenso mwana.

Tiyayo musamukhomerere kwambiri. Atsikana amenewa amangotengedwa pamudzi, mwina ndi mphwake wa patrau, palibe amene anamuphunzitsa kuti mwana wa autismo amatani kapena wakhunyu akagwa umatani, malipiro ake ndi ochititsa manyazi. Munthu mmodzi sangaperekeze tiana pageti komanso n'kuwerenga otsala m'galimoto nthawi yomweyo. Amene anakonza ntchito moteromo ndi mwini galimoto, ndiye mawu oti kunalibe asakuwopsezeni, galimoto ndi yake, antchito ndi ake, ndalama amalandira ndi iye.

Musanakambe naye za kupepesa mufunseni akuonetseni mapepala: lisensa yonyamulira ana asukulu, seguru, inspesau ya chaka chino, ndi karta ya motoristayo ngati ili ya serviços públicos, chifukwa karta wamba siyololedwa kunyamulira anthu olipira. Mukaona akuyamba kukanda m'mutu mudziwa chifukwa chake wathamangira kubweretsa shuga.

Bambo_T

Koma tinene zoona abale, mwana woti salankhula kusukulu akukaphunzirako chiyani? Si bwino angokhala pakhomo mayi ake azimuyang'anira? Mavuto enawa timawaputa tokha.

Nangozo_Ulongue

Bambo T mawu amenewo ndi omwe atsekereza ana ambiri m'nyumba kuno kwathu, ena mpaka kuwamangirira pamtengo makolo akapita kumunda. Mwanayo kusukulu waphunzira kukhala ndi anzake, kudikira nthawi yake, kugwira pensulo, mwinanso kupita kuchimbudzi yekha, inu mukuona ngati ndi zazing'ono? Mwana sanalakwe kukwera galimoto, analakwa ndi akulu amene anamutsekera.

Amake Yamikani, ine ndine mphunzitsi kuno ku Ulónguè, zaka 16 ndili ndi choko m'manja, ndipo ndikufuna ndikambe za sukuluyo chifukwa ikuzemba mochenjera kwambiri. N'zoona galimoto si yawo. Koma geti ndi lawo, kaundula wa m'kalasi ndi wawo. Ife m'masukulu aboma timakhala ndi ana 60, 70 m'kalasi imodzi ndipo sindinama, mwana akajomba sitiimba foni, tilibe ndi kredito yomwe. Koma inu mukulipira pasukulu ya ana ochepa, ndipo iwo anamulandira mwanayu akudziwa kuti salankhula. Mwana wotere akapanda kuoneka pamene karinya yake yafika ndipo anzake onse a m'galimoto imeneyo ali m'kalasi, mphunzitsi wamaso amafunsa. Kungofunsa ana enawo kuti Yamikani ali kuti, akanayankha kuti tinali naye m'galimoto, ndipo 7 koloko isanathe akanapezeka. Maola atatu aja ndi a sukulu, asawakane.

Chimene ndaphunzira pa ntchitoyi n'chakuti nkhani yapakamwa imauluka ndi mphepo. Mukapita kwa a direkitori n'kulira mu ofesi, akupatsani madzi, akupepesani, mukatuluka yatha. Lembani kalata m'Chipwitikizi, ngati chimakuvutani pezani wokuthandizani, mulembe tsiku, nthawi imene munamukweza, nthawi imene anakuimbirani, amene anamupeza, zimene adokotala anapeza. Mupange makope awiri, ina musiye ku sekretariya ina akudindireni karimbo ndi tsiku mubwere nayo kunyumba. Mupemphe kuti nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano wa makolo, ngati ali ndi conselho de escola ipite kumeneko. Akakhala chete sabata ziwiri, kope yodindidwayo mupite nayo ku ofesi ya maphunziro ya boma, Serviço Distrital de Educação, Juventude e Tecnologia, chifukwa sukulu zolipira nazonso chilolezo chawo chimachokera kuboma ndipo a inspesau amaziyendera. Ku Acção Social nakonso kudutseniko.

Malamulo alipo, kungoti amagona m'madirowa. Pali lamulo loteteza ufulu wa ana, Lei 7/2008. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2012, ndipo mu 2024 kunatuluka lamulo lakelake la anthu aulumali. Simukufunika kuwaloweza, kungowatchula m'kalatamo a direkitori akhala tsonga. A FAMOD ndi a ADEMO, mabungwe a anthu aulumali, amadziwa bwino zimenezi, muwafunefune, nthawi zina kupita ndi munthu wa bungwe kumasintha mmene akukulandirira. Komanso mumzinda wa Tete momwemo muli CREI, malo aboma a maphunziro ophatikiza ana aulumali ndi anzawo, m'dziko lonse anamanga atatu, ena ali ku Gaza ndi ku Nampula. Kafunseni ngati angathandize kuwaunikira aphunzitsi ndi tiyayo kasamalidwe ka mwana ngati wanu.

Kuno ku Angónia za makarinya n'zochepa, ana amayenda pansi, ena panjinga, amene ali ndi kangachepe amalipira njinga yamoto. Ndili ndi mtsikana m'kalasi mwanga wopuwala miyendo, mchimwene wake wa zaka 12 ndi amene amamupalasa, mvula ikagwa msewu ukaterera onse awiri sabwera. Ndiye ndikamva kuti kumzinda kuli galimoto koma ikuiwala ana ndimangoti kaya, mavuto sasankha malo.

Naphiri_Moatize

Mana ndalira powerenga chifukwa wanga ali ndi khunyu, zaka 10, ndipo naye amakwera karinya. Ndimagwira ntchito kuchipatala, si ine dokotala koma ndaona zokwanira.

Choyamba anthu asamaone ngati mwanayo anangomva kutentha basi. Galimoto yotseka ikaima padzuwa mkati mumakwera pafupifupi madigiri 10 m'mphindi 10 zokha, ndipo kutsegula zenera pang'ono sikuthandiza kwenikweni. Kunja kuno miyezi ino timadutsa 40. Thupi la mwana limatentha msanga katatu mpaka kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo likafika pa 40 ziwalo zimayamba kuvutika, ubongo, impso. Kuti anali m'mawa ndiye chinamupulumutsa, ikanakhala nthawi ya ana a masana bwenzi tikukamba zina. Muzimuyang'anitsitsa masiku ano, ngati akukodza pang'ono kapena mkodzo wakuda ngati tiyi, ngati akusanza kapena akungogona, mubwerere naye kuchipatala msanga. Ndipo mupemphe relatório médico, pepala lolembedwa ndi adokotala, osati kakadi ka mankhwala kokha. Popanda limenelo mawa adzati mwana anangofooka ndi malungo.

A MotoristaWakale ndikugwirizana nanu zambiri koma pa tiya ndisiyana nanu pang'ono. Inde ndi mwana, inde salipidwa bwino, koma iye ndi amene analandira Yamikani m'manja mwa mayi ake m'mawa umenewo. Amene walandira ndi amene apereke. Sindikuti amangidwe ayi, koma akamuuza kuti iwe ulibe mlandu ndiye kuti mawa adzachitanso chimodzimodzi.

Ine zinandichitikira mwa mtundu wina. Mwana wanga anagwa m'galimoto ali pa N7, malole a malasha akudutsa, tiya wa nthawi imeneyo anamulowetsa supuni m'kamwa kuti asalume lilime mpaka kumuthyola dzino, ana ena akukuwa, wina akuti musamukhudze malovu ake mutenga. Motorista osaima, akuti ndichedwa. Nditamva ndinapita ndekha Loweruka kwa mwini galimoto, ndinawakhazika onse atatu pansi pa mtengo, ndinagona pamphasa ine mayi wamkulu kuwaonetsa: imitsani galimoto pambali, mugonekeni chammbali, ikani juzi kumutu, m'kamwa osaikamo kanthu, osamupanikiza, osamumwetsa madzi mpaka atatsitsimuka, yang'anani nthawi, zikapitirira mphindi 5 thamangani kuchipatala, ndipo khunyu sapatsirana. Anandiseka poyamba koma anamva.

Kenako ndinagula kaderno ya 30 metikaisi. Tsamba lililonse ndi tsiku. M'mawa ndimalemba nthawi n'kusaina, tiya amasaina kuti walandira, pageti mlonda kapena aphunzitsi amasaina kuti wafika, masana chimodzimodzi pobwerera. Sabata yoyamba amanyinyirika kuti mayi awa ndi ovuta, pano makolo ena 6 anatengera. Tinapanganso gulu la WhatsApp la karinya yathu, tiya akatsitsa ana amajambula mipando yopanda munthu, ndi pansi pomwe, n'kutumiza. Megabayiti timasonkherana 10, 10 pa M-Pesa. Ikafika 7:30 chithunzi osabwera mafoni amayamba kulira.

Chinanso, mwana wanu asamakhalenso kumbuyo. Ndikudziwa ana a autismo safuna kusinthidwa malo, zikhala nkhondo masiku oyamba, koma akhale mpando wa kuseri kwa motorista pafupi ndi tiya, atsike woyamba, aperekedwe m'manja mwa munthu wodziwika dzina. Ndipo pomusambitsa muziona thupi lonse tsiku ndi tsiku, mabala, zotsinidwa, chifukwa monga mwanenera iye sangakuuzeni. Ine ndinadziwa kuti anyamata akuluakulu amamulanda wanga chakudya chifukwa choti mng'ono wa mnzake anaulula, apo ayi sindikanadziwa. Pezani kamwana kamodzi kolongolola m'karinyamo muzikafunsa mocheza.

Za shuga ndi mwezi waulere, abambo akunyumba ndikuwamvetsa, mantha awo ndi enieni, ife tonse amatiuza kuti mwana wanu ndi wovuta ndikungokuchitirani chifundo. Koma mukalandira mwakachetechete mwasaina kuti yatha.

Jere_wa_Zobue

A Naphiri kaderno ndi yabwino koma ine ndikubwerezabe, ku eskwadra apite. Motorista ameneyo mawa akalembedwa pa karinya ina n'kukatsekeranso mwana wa wina.

MotoristaWakale

A Jere zoona, komanso dziwani kuti akangomva polisiya patrau amathamangitsa motorista ndi tiya tsiku lomwelo n'kulemba ena osadziwa kalikonse, iye n'kupitiriza kulonga ana 25. Dandaulo likalembedwa dzina la mwini galimoto ndi nambala ya galimoto zikhalemo, asangotchula wantchito yekha.

Make_Yamikani

Zikomo nonse, ndawerenga chilichonse, a Bambo T inunso ndakuwerengani koma sindikuyankhani lero.

Ndikuuzeni pamene zafika. Lolemba ndinapita kuchipatala ndipo pepala la adokotala andilonjeza Lachisanu. Kalata tinalemba ndi mlamu wanga, ku sekretariya poyamba amakana kudinda akuti a direkitori kulibe, ndinakhala pabenchi kuyambira 8 mpaka 11 ndi kope yanga m'manja mpaka anadinda. Madzulo ake a direkitori anandiimbira okha, mawu atasintha, akuti tikumane Loweruka pamodzi ndi mwini karinya ndi makolo ena, ndipo aphunzitsi aja akuti anafunsadi ana koma mochedwa, cha m'ma 9, mwana wina ananena kuti anali naye m'galimoto koma iwo anaganiza kuti akunena za dzulo lake. Izi poyamba sanandiuze.

Shuga ndi mafuta ndinabweza, zakumwa ana a kwa aneba anali atatsegula kale ziwiri ndiye ndinagula zina kuikamo kkkk. Mwini galimoto nditamufunsa mapepala anandionetsa seguru yokha, zinazo akuti zili kwa munthu amene akumukonzera. Ku eskwadra sindinapite, abambo ake sakufunabe, takangana usiku wonse, tagwirizana kuti tidikire pepala la kuchipatala ndi msonkhano wa Loweruka kenako tione. 116 ndinaimba ndipo anandimvetsera bwino, anatenga nkhani yonse. Kamnyamata kotsuka magalimoto kaja ndinakakapeza, ndinakapatsa 200, kanandionetsa pomwe galimoto inaima, palibe ngakhale kamthunzi.

Vuto latsopano ndi loti Yamikani sakufunanso kuona karinya. Ikangoima Hiace yoyera iliyonse pamsewu amatseka makutu n'kuthawira kuseri kwa nyumba, dzulo anakabisala m'bafa mpaka galimoto itapita, sabata ino yonse sanapite kusukulu. Ine 7 koloko ndimayenera kukhala ndili pantchito ndiye kumuperekeza ndekha tsiku ndi tsiku sizitheka. Ngati alipo akudziwa wa txopela (njinga yamoto ya matayala atatu) wodekha, wachikulire, wa mbali ya Chingodzi kapena Matundo amene angamawoloke naye m'mawa pamodzi ndi mtsikana wanga wantchito, andilembere kumbali tikambirane mtengo. A Naphiri chonde nditumizireni chithunzi cha tsamba limodzi la kaderno yanuyo ndione mmene munajambulira mizere, ndikufuna ndipite nayo Loweruka.